Chakudya cha Pamsika ndi Lamulo: Kodi Phungu Wanu Mungamuuze Chiyani?

Mayi amene akugula nsinjiro pa msika wa Ntaja, kapena bambo amene waima pa chiwaya pa Ulongwe kuti adye kanyenya, ali ndi maso ndi mphuno zokha zomuthandiza kusankha. Nyama yoola imadziŵika ndi fungo lake, ndipo ndiwo zogona zimadziulula zokha. Koma zambiri mwa zinthu zimene zimadwalitsa ndi kupha anthu kupyolera m'chakudya sizioneka, sizinunkha, ndiponso sizimveka pa lilime. Tizilombo ta kolera sitisintha maonekedwe a thobwa. Poizoni wa chuku sasintha kukoma kwa chiponde. Pa chifukwa chimenechi wogula payekha sangadziteteze mokwanira, ngakhale atakhala wosamala chotani. Pafunika malamulo, anthu oyendera misika, ndi malo oyezera zakudya.

Vutoli si laling'ono. Mu 2015 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 mwa iwo amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu. Mu Africa muno mokha amadwala ndi anthu oposa 91 miliyoni ndipo amamwalira ndi 137,000 pa chaka. Inu amene mukuŵerenga nkhaniyi muli pa benchi la chipatala, yang'anani mzere wa ana otsegula m'mimba. Ena mwa iwo ali m'chiŵerengero chimenechi.

Lamulo la mu 1948

Lamulo lalikulu la zaumoyo wa anthu, lotchedwa Public Health Act, linapangidwa m'chaka cha 1948, dziko lino likadali Nyasaland. Nthaŵi imeneyo kunalibe ndalama ya Kwacha, imene inayamba mu 1971. Balaka anali asanakhale boma paokha, pakuti anapatuka ku Machinga mu 1998. Kunalibe zakumwa za m'mapulasitiki, nyama yogaya ya m'mafiriji, kapena mankhwala ambirimbiri othira m'chimanga amene lero amagulitsidwa pa benchi pamodzi ndi tomato. Pamene kolera inabuka mu 2022, lamulo lomweli ndilo linali m'manja mwathu ife oyendera zaukhondo.

Tisalinyoze lamuloli. Limaletsa kugulitsa chakudya chosayenera kudyedwa ndi munthu, ndipo limapatsa ogwira ntchito zaumoyo mphamvu yoyendera malo ogulitsira zakudya, kulanda chakudya choipa ndi kuchiwononga. Koma linalembedwa poganizira diso ndi mphuno ya woyendera, osati makina oyezera. Kuwonjezera apo, udindo wa chakudya unagaŵidwa m'manja ambiri. Unduna wa Zaumoyo umaona za ukhondo wa malo ndi wa anthu ophika. A zaulimi, kudzera mwa alangizi a ziŵeto, amaona nyama ndi mkaka. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, limaona katundu wa m'mafakitale ndi woloŵa kuchokera kunja. Khonsolo imayang'anira misika ndi ziphaso za malonda. Mankhwala ophera tizilombo ali ndi bungwe lawolawo. Aliyense ali ndi lamulo lake, koma nsomba imodzi youma yochokera ku Chilwa, yothiridwa mankhwala kuti isafumbwe, imadutsa pakati pa onseŵa popanda woiimitsa. Anzathu a ku Zambia anaona vuto lomweli, ndipo mu 2019 anapanga lamulo latsopano la chitetezo cha zakudya loloŵa m'malo mwa lawo lakale la mu 1972.

Zimene taona ndi maso

Anthu a ku Machinga ndi Balaka safunika kuuzidwa za kolera. Pa 2 Malichi 2022 kuyeza kunatsimikiza kolera mwa wodwala wina pa chipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde, ndipo tsiku lotsatira Boma linalengeza kuti matendaŵa abuka. Umenewu unakhala mliri waukulu koposa wa kolera m'mbiri ya Malaŵi: unafika m'maboma onse, anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Kale kolera inkatha mvula ikatha, koma ulendo umenewo inapitirira ndi m'chilimwe momwe. Asodzi a pa nyanja ya Chilwa, makamaka okhala m'zimbowera pamwamba pa madzi, anali ataiona kale mu 2015 ndi 2016, mpaka analandira katemera wakumwa.

Ambiri amaganiza kuti kolera ndi ya madzi okha. Imayendanso m'chakudya: m'thobwa losungunulidwa ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa, m'mango odyedwa osatsuka, m'nsima ya pamaliro yogwiridwa ndi manja osasamba, m'beseni limodzi losambiramo m'manja anthu makumi aŵiri. Ndicho chifukwa chake mliri utakula makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika. Chiletso chotere chimathandiza pa kanthaŵi, koma ine sindichiona ngati mankhwala enieni. Mayi wogulitsa zitumbuwa akathamangitsidwa pamsika amakagulitsa kuseri kwa nyumba, kumene woyendera safikako. Chimene chikusoŵa m'misika yambiri ndi mpopi wa madzi, chimbudzi chogwira ntchito, ndi dzenje la zinyalala, pamene ogulitsa amadula chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku.

Mdani wachiŵiri ndi wachete. Chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini. Anatulukiridwa mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wachuku. Poizoniyu satha ndi kuphika kapena kukazinga. Akadyedwa wambiri nthaŵi imodzi amawononga chiŵindi msangamsanga: mu 2004 ku Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chachuku. Akadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amayambitsa khansa ya m'chiŵindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiŵindi a mtundu wa B, ndipo kafukufuku waonetsa kuti ana odya poizoniyu kaŵirikaŵiri amapinimbira. Chuku chimenechi chimakonda mbewu zimene zavutika ndi ng'amba zitatsala pang'ono kukhwima, ndipo ng'amba ndi mlendo wa chaka ndi chaka ku Utale, Phalula ndi madera ena a Balaka. Chimakondanso mtedza wowazidwa madzi kuti makoko afeŵe posenda, ndi chimanga choikidwa m'matumba chisanaumitsitse. Mu Ogasiti 2024, chilala chitangovuta, Boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa ndi chakudya chokhala ndi poizoniyu, ndipo ufa wina wa m'masitolo unachotsedwa pa malonda.

Pali chinthu china choŵaŵa pa nkhani ya mtedza. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu wokhala ndi poizoniyu woposa magawo 4 pa magawo 1,000,000,000. Motero mtedza wopita kunja umasankhidwa ndi kuyezedwa mosamala. Nanga wotsalira uja, wofota, wosweka ndi wakuda, umapita kuti? Umagulitsidwa motchipa pamsika, umasinjidwa, nuthiridwa m'phala la mwana. Lamulo la eni ake likuteteza mwana wa ku London. Mwana wa ku Nsanama akudya zimene zakanidwa.

Ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira mu Januwale 2015 atamwa moŵa wamasese pamaliro, ndipo odwala anapitirira 200. Mphekesera inafala msanga kuti wina anathira ndulu ya ng'ona. Koma moŵawo utayezedwa kunapezeka poizoni wopangidwa ndi tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga umene unanyoŵa ndi madzi osefukira. Pakanapanda kuyeza, bwenzi lero anthu osalakwa akulozedwabe chala. Ife a m'mbali mwa Shire, amene matumba athu ananyoŵa ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, tiyenera kudziŵa kuti ufa umene sukuyenera nsima sukuyeneranso moŵa kapena thobwa.

Ngakhale chakudya cha m'fakitale yaikulu chikhoza kupha. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita kukagwira ntchito, anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira mu 2017 ndi 2018 ndi tizilombo totchedwa listeria. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo ya kumeneko inalengeza kuti gwero lake linali poloni wa fakitale ya Enterprise ku Polokwane. Malaŵi analetsa nyama yotere kuloŵa m'dziko, ndipo mabanja a ovutikawo ku South Africa anagwirizana nakasuma mlandu umodzi onse pamodzi.

Phunziro la masacheti

Kodi anthu wamba angasinthe lamulo? Yankho lili m'nkhani imene tonse tikuikumbukira. Zaka za m'mbuyomu moŵa waukali unkagulitsidwa m'timapepala tapulasitiki totchedwa masacheti. Unali wotchipa kotero kuti mwana wa sukulu ankatha kuugula ndi ndalama ya mandasi, ndipo kathumbako kankabisika m'thumba la yunifolomu. Oyamba kudandaula sanali akuluakulu a ku likulu. Anali aphunzitsi amene ankaona ana ataledzera m'kalasi, amayi amene amuna awo ankayamba kumwa m'mamaŵa, mafumu, abusa ndi mashehe. Mabungwe monga Drug Fight Malawi anasonkhanitsa madandaulo ameneŵa nawafikitsa kwa aphungu, kwa nduna ndi kwa atolankhani, chaka ndi chaka osatopa. Ku Zambia, kumene timathumbati ankatitcha tujilijili, nduna Nkandu Luo anatiletsa mu 2012, ndipo zimenezi zinalimbitsa mtima odandaula a kuno.

Mu 2015 Boma la Malaŵi linaletsa kupanga ndi kugulitsa moŵa wa m'masacheti. Makampani opanga moŵawo anathamangira kukhoti, ndipo nkhaniyo inakokakoka mpaka mu 2017, pamene bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti chiletsocho chikhale. M'chaka chomwecho dziko linakhazikitsa ndondomeko yake ya za moŵa.

M'nkhaniyi muli zinthu zitatu zoti tizione. Kudandaula kunatenga zaka, osati miyezi. Amene amapindula ndi malonda oipa sakhala chete, ndipo ali ndi ndalama zolipira maloya. Ndiponso lamulo likapangidwa ntchito siinathe: moŵa waukali wotchipa unabweranso m'timabotolo, ndipo mu 2024 anthu angapo anamwalira ku Blantyre atamwa moŵa wosadziŵika bwino kapangidwe kake. Lamulo lopanda woliyendetsa lili ngati msampha wosatchera.

Khomo loyenera kugogoda

Anthu ambiri amataya nthaŵi chifukwa chogogoda pa khomo lolakwika. Malamulo a chakudya ali pa misinkhu itatu. Pamwamba pali malamulo a dziko lonse, opangidwa ndi aphungu ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi kusainidwa ndi Mtsogoleri wa dziko. Chitsanzo ndi lamulo la mu 1995 lokakamiza kuti mchere ukhale ndi ayodini, limene lathandiza kwambiri kuchepetsa chithokomiro. Pakati pali malamulo aang'ono amene nduna imalemba pogwiritsa ntchito mphamvu yopatsidwa ndi lamulo lalikulu, ndipo ameneŵanso amayenera kukaonetsedwa ku Nyumba ya Malamulo. Chiletso cha masacheti chinadzera njira imeneyi. Pansi pali malamulo a khonsolo, amene lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 limalola khonsolo iliyonse kupanga m'dera lake.

Choncho ngati msika wanu ulibe chimbudzi, kapena mbuzi zikuphedwera pansi pa mtengo popanda mlangizi wa ziŵeto kuona nyamayo, nkhaniyo ndi ya khansala ndi khonsolo. Iyambire ku komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ipite ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, kenaka ya kwa mfumu yaikulu. Koma ngati funso ndi lakuti chifukwa chiyani nsinjiro ya pamsika siyezedwa, chifukwa chiyani chindapusa cha wogulitsa chakudya choipa ndi chochepa kuposa phindu lake la tsiku limodzi, kapena chifukwa chiyani palibe lamulo limodzi lomanga pamodzi onse oyang'anira chakudya, pamenepo mwini nkhani ndi phungu.

Pano ndinenepo pang'ono zimene ena sakonda kumva. Phungu akafika m'mudzi, zopempha zathu zimakhala bokosi la maliro, fizi ya mwana, mpira wa anyamata. Zosoŵa zimenezi ndi zenizeni, ndipo sindikuziseka. Koma ntchito imene phungu yekha angaigwire, imene mfumu, khansala kapena m'bale wolemera sangaigwire, ndiyo kupanga malamulo, kuvomereza ndondomeko ya chuma cha Boma, ndi kufunsa nduna pamaso pa dziko lonse. Iye akhoza kufunsa Nduna ya Zaumoyo funso loti liyankhidwe m'Nyumba ya Malamulo. Akhoza kupereka kalata ya madandaulo a anthu ake. Akhoza kubweretsa yekha mfundo yoti aphungu anzake akambirane, ngakhale kulemba bilu yakeyake. Akhoza kukankhira nkhani ku komiti ya aphungu yoona zaumoyo, imene ili ndi mphamvu yoitanitsa akuluakulu a maunduna ndi mabungwe kuti adzafotokoze. Ndipo pa nthaŵi yokambirana za chuma akhoza kufunsa kuti ndi ndalama zingati zapita ku ntchito yoyendera misika ndi kuyeza zakudya m'maboma.

Kuchita zimenezi si chipongwe kapena kuukira. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994, m'ndime 13, amalamula Boma kuyesetsa kuti anthu onse azidya mokwanira kuti akhale athanzi, ndipo ndime 38 imapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi anzake mwamtendere. Palinso lamulo la mu 2003 loteteza ogula, ndi bungwe la ogula la CAMA, limene lakhala likulankhulira anthu kuyambira mu 1994.

Kukonzekera kukumana naye

Musapite mmodzimmodzi. Munthu mmodzi amapatsidwa ya basi nabwerera kwawo. Gulu lokhala ndi amayi a pamsika, ophera nyama, asodzi, aphunzitsi, a mpingo ndi a mzikiti, pamodzi ndi nthumwi ya mfumu, limapatsidwa mpando. Ogulitsa zakudya musawasiye kunja ngati adani. Iwonso ana awo amadya zomwezo, ndipo ndiwo amadziŵa bwino kumene katundu woipa amachokera. Gululo lisakhale la chipani chimodzi, pakuti kolera siifunsa mtundu wa nsalu imene mayi wavala.

Pitani ndi zinthu zoona, zolembedwa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi komiti ya pachipatala chanu angakuthandizeni kudziŵa kuchuluka kwa ana amene anabwera ndi matenda otsegula m'mimba m'miyezi yapitayi, popanda kutchula dzina la wodwala aliyense. Ŵerengani nokha mabenchi ogulitsa zophika pamsika wanu, zimbudzi zimene zikugwira ntchito, ndi mtunda wokafika pa mjigo. Mukagula chinthu chimene masiku ake anatha, sungani paketi yake ndipo lembani tsiku ndi malo. Mphekesera zisiyeni kunyumba. Phungu akapeza bodza limodzi m'kalata yanu, zoona zonse zimagwera limodzi.

Pemphani zinthu zochepa, zomveka, zoti akhoza kuyankha kuti inde kapena iyayi. Mawu akuti "tithandizeni pa zaukhondo" sakakamiza munthu kuchita kanthu. Koma mukanena kuti, "Olemekezeka, tikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu mukafunse Nduna kuti lamulo limodzi la chitetezo cha zakudya lili pati, ndiponso kuti zipangizo zoyezera chuku zidzafika liti m'boma lathu," mwamupatsa ntchito yooneka. Zipangizo zoyezera chuku mofulumira zilipo, ndipo zina ndi zazing'ono zotha kunyamulidwa kupita nazo kumsika. Chimene chimasoŵa ndi ndalama ndi lamulo lonena kuti woyeza ndani, ndipo mtedza wokanidwa upite kuti. Mfundo yomalizayi musaiiŵale. Lamulo longolanda katundu wa mlimi wosauka popanda kumuphunzitsa kuumitsa ndi kusunga bwino lidzangochititsa kuti mtedza woipa uzigulitsidwa mobisa.

Kalatayo ilembedwe m'Chicheŵa kapena m'Chiyao chomveka, isainidwe ndi onse, osatha kulemba adinde chala. Ikhale ndi tsiku. Ina ipite kwa Bwanamkubwa wa boma lanu, ina kwa mkulu wa zaumoyo, ina isungidwe ndi mlembi wa gulu. Musanabalalike, gwirizanani ndi phunguyo tsiku limene adzabwere ndi yankho, ndipo mlembi alilembe iye akuona.

Kenaka tcherani khutu. Zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo zimaulutsidwa pa wailesi, ndipo mawu onse olankhulidwa mmenemo amalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, motero nkosavuta kudziŵa ngati funso lanu linafunsidwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limakulolani kulembera khonsolo kufunsa ndalama zimene msika wanu unasonkhetsa ndi mmene zinagwirira ntchito. Tsiku logwirizana lija likadutsa popanda yankho, lembani kalata yachiŵiri yotchula tsiku la yoyamba, ndipo ina mukaipereke ku wailesi ya m'dera lanu kuti ikaŵerengedwe.